Tchati cha zilembo za Chiheberi, mapulaneti ndi mitundu chomwe anthu akulipitsidwa m'tauni muno

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa mpata pa tsamba lanuli. Kalata yangayi italikirapo ndithu, mundikhululukire, koma nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira mwezi wathawu nde ndaona kuti bola ndiitule pano pomwe ambiri angawerenge.

Mwana wa mlongo wanga amagulitsa kaunjika, mtsikana wolimbikira zedi, amadzuka mbandakucha kukadikira belo, koma chaka chino zinthu zamuthina ngati mmene zathinira wina aliyense. Tsiku lina madzulo anatulukira kwathu ndi kajumbo m'manja, ati malume taonani izi, paja inu munaphunzirako Chiheberi. M'jumbomo munali makandulo atatu achikasu, kansalu kachikasu kongokwana duku, ndi pepala lofotokopa lopindapinda mpaka loyamba kung'ambika m'mipindomo. Papepalapo panali tchati cha mizere 22, mzere uliwonse chilembo cha Chiheberi, kenako pulaneti kapena gulu la nyenyezi, kenako mtundu wake. Bambo wina yemwe anamupeza kudzera pa gulupu ya WhatsApp anamuuza kuti poti dzina lake limayamba ndi B nde kuti chilembo chake ndi Bet, pulaneti lake ndi Mercury, mtundu wake wachikasu, aziyatsa kandulo yachikasu Lachitatu lililonse ndikumanga kansaluko pa benchi yogulitsirapo, makasitomala azibwera okha. Ati ichi nchinsinsi cha Kabbalah (chiphunzitso chozama cha Ayuda chokhudza Mulungu ndi chilengedwe) chomwe Mulungu anapatsa Abrahamu, Ayuda amachibisa, nchifukwa chake ali olemera. Ndalama yomwe mwanayu analipira ikanagula ufa wa mwezi wathunthu pakhomo pake.

Sindinamukalipire ayi. Ndi mbumba yanga, ndipo ndikudziwa mmene mtima umakhalira ukaona belo yakhala masabata atatu osatha pomwe alandilodi akugogoda. Chomwe chinandipweteka nchakuti zinthu zomwe zili papepalapo ndimazidziwa komwe zinachokera, zina mwa izo ndimazikonda kwambiri, nde kuziona zitasakanizidwa chonchi ndikusandutsidwa msampha wotchera amayi a pamsika zinandiwawa kawiri. Chiheberi ndinachiphunzira zaka ziwiri pa sukulu ya zaubusa ndipo chichokereni kumeneko sindinasiye kuwerenga za Ayuda ndi mabuku awo.

Tchaticho sichinangopekedwa dzulo, muzu wake ulipo weniweni. Kuli kabuku ka Chiheberi kotchedwa Sefer Yetzirah, tingati buku la kuumba, kakafupi kwambiri moti makope ena mawu ake safika olo 2,000. Mwambo wa Chiyuda umati nzeru zake nza Abrahamu, apo bambo uja sanapeke yekha, koma akatswiri a mbiri amakaika patadutsa zaka mazana angapo Yesu atabadwa, ndipo chodziwika bwino nchakuti m'chaka cha 931 mphunzitsi wamkulu Saadia Gaon, wobadwira ku Egypt yemwe anatsogolera sukulu ya Ayuda ya ku Sura ku Babulo, analemba ndemanga yake pa kabukuka m'Chiarabu. Funso lomwe kabukuka kakulimbana nalo ndi lomwe aliyense wowerenga Genesis angadzifunse. Mulungu sanatenge khasu kapena njerwa, anangoti "Kuyere" ndipo kunayera. Nde ngati dziko linalengedwa ndi mawu, mawuwo amapangidwa ndi chani? Ndi zilembo. Ndiye mlembiyo akuti zilembo 22 za Chiheberi pamodzi ndi manambala 10 otchedwa sefirot ndi njira 32 za nzeru zomwe Mulungu analengera zonse.

Pali malo ena m'kabukumo omwe ndimawakonda koposa, pomwe zilembo akuzitcha miyala ndipo mawu akuwatcha nyumba. Akuti miyala iwiri imamanga nyumba ziwiri, itatu imamanga nyumba 6, inayi 24, isanu 120, miyala 6 imamanga 720, miyala 7 imamanga 5,040, kuchokera pamenepo pita ukawerengere wekha zomwe pakamwa sipangathe kunena ndipo khutu silingathe kumva. Aphunzitsi a masamu ayesere, manambalawo ndi olondola onse. Ndinamuuza mwana uja kuti taganiza mawu oti tola ndi lota, zilembo zomwezomwezo zinayi, wangozisuntha basi, wina akuwerama pansi kutola wina ali m'tulo. M'Chiheberi chitsanzo cha m'bukumo ndi oneg, chisangalalo, ndi nega, mliri, zilembo zitatu zomwezo zangosinthana malo. Munthu amene analemba zimenezi anali wodabwa ndi mphamvu ya chilankhulo, amaona kuti tinthu tochepa 22 tikutha kunyamula chilichonse chomwe munthu anganene, nde anati chilengedwe nachonso chiyenera kuti chinalukidwa chomwecho.

Zilembozo anazigawa patatu. Zitatu anazitcha amayi, Alef, Mem ndi Shin. Mem ndi madzi, Shin ndi moto, Alef ndi mpweya womwe uli pakati kuziyanjanitsa. Ndipo sanangosankha mwachisawawa, akuti Mem imang'ung'udza chamumtima pomwe Shin imachita phokoso la mluzu. Tayesani nokha, tsekani milomo munene mmmm, muona kuti mawu akhala pansi ngati dziwe, kenako nenani shhhh, ndi phokoso lomwe lija limamveka madzi akadonthera pa makala a mbaula. Alef payokha siimveka, ndi mpweya chabe wotsegula kukhosi. M'thupi akuti Shin ndi mutu, Mem ndi mimba, Alef ndi chifuwa. M'chaka ndi nyengo yotentha, yozizira ndi yapakatikati.

Zisanu ndi ziwiri anazitcha zapawiri, Bet, Gimel, Dalet, Kaf, Pe, Resh ndi Tav, chifukwa akuti chilichonse chili ndi katchulidwe kawiri, kolimba ndi kofewa. Mpaka lero Bet ikakhala ndi kadontho pakati imamveka b, ikapanda kadontho imamveka v, Pe imakhala p kapena f. Ife a Chichewa izi sizingativute kumva, paja timadziwa kuti kampweya kochepa kamasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Poti zilembozi zili ndi nkhope ziwiri, anazipatsa zinthu za moyo zomwe nazo zimatembenuka, moyo ndi imfa, mtendere ndi nkhondo, nzeru ndi uchitsiru, chuma ndi umphawi, kukongola ndi kunyansa, kubereka ndi bwinja, ufumu ndi ukapolo. Anazipatsanso masiku 7 a sabata, zipata 7 za kumutu kwa munthu zomwe ndi maso awiri, makutu awiri, mphuno ziwiri ndi pakamwa, komanso mapulaneti 7. Zilembo 12 zotsalazo ndi za miyezi 12 ndi magulu 12 a nyenyezi, kuyambira He yomwe ndi ya mwezi wa Nisan, mwezi wa Pasaka.

Mapulaneti 7 amenewo ndi omwe anthu akale amawaona ndi maso akuyenda pakati pa nyenyezi zina, nde dzuwa ndi mwezi amaziwerengera momwemo. Mayina ake a Chiheberi ndi okoma. Saturn ndi Shabbtai, dzina lochokera ku Sabata. Jupiter ndi Tzedek, chilungamo. Mars ndi Maadim, kutanthauza wofiira, ndipo amene anaionapo usiku akudziwa kuti imaonekadi ngati khala la moto. Dzuwa ndi Chamah, kutentha. Venus, nthanda yathu ija yomwe makolo ankati ndi mkazi wa mwezi, ndi Nogah, kuwala. Mercury anangoitcha Kokhav, nyenyezi basi. Mwezi ndi Levanah, woyera. Amazindandalika kuyambira yoyenda pang'onopang'ono, Saturn yomwe imatenga zaka pafupifupi 30 kuti ibwerere pomwe inali, Jupiter zaka pafupifupi 12, mpaka mwezi womwe sutha ndi masiku 30 omwe.

Tsopano apa mpomwe ndinamuuza mwana uja kuti khala pansi umve bwino. Chilembo chiti chikuyenda ndi pulaneti liti? Makope a kabuku komweka sagwirizana. M'makope akale Bet ndi ya Saturn, tsiku lake Sabata, chiwalo chake pakamwa, kenako Gimel Jupiter, Dalet Mars, kumangotsika ndi mndandanda uja mpaka Tav yomwe ndi mwezi. Koma kope lodziwika ndi dzina la Gaon wa ku Vilna, rabi wamkulu wa ku Lithuania yemwe anamwalira mu 1797, likuti Bet ndi ya mwezi, tsiku lake loyamba la sabata, chiwalo chake diso lakumanja, Saturn yapita kwa Resh, Jupiter kwa Tav. Nanga Mercury ya papepala la mwana wa mlongo wangayo yachokera kuti? Mwa awiriwa palibe amene anapatsa Bet Mercury. Chilembo chimodzi mayankho atatu, Saturn, mwezi, Mercury, nde munthu wina nkumalandira ndalama za mayi wa kaunjika ati ili ndiye yankho lomwe Abrahamu analandira.

Mercury uja anachokera ku London. Nkhani yake ndi yayitali koma ndiidula. Akhristu ophunzira a ku Ulaya anayamba kutengeka ndi Kabbalah kuyambira nthawi ya Pico della Mirandola wa ku Italy cha m'ma 1486, ndipo Sefer Yetzirah inasindikizidwa m'Chilatini ku Paris mu 1552. M'zaka za m'ma 1850 Mfalansa wina wodzitcha Éliphas Lévi analumikiza zilembo 22 ndi makadi 22 akuluakulu a tarot, makadi omwe anayamba ku Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera chabe. Kenako mu 1888 azungu atatu, William Wynn Westcott, Samuel Liddell MacGregor Mathers ndi William Robert Woodman, anayambitsa ku London gulu la zachinsinsi lotchedwa Golden Dawn. Onse atatu anali a Freemason, sanali aphunzitsi a Chiyuda, Westcott ntchito yake inali yofufuza za imfa za anthu m'boma. Gulu limeneli ndi lomwe linasanja mapulaneti mwatsopano kuti agwirizane ndi makadi aja, Bet Mercury, Gimel mwezi, Dalet Venus, Kaf Jupiter, Pe Mars, Resh dzuwa, Tav Saturn. Nditayang'ana pepala la mwana uja mzere ndi mzere, linali ndendende limeneli. Matchati amenewa anafalikira dziko lonse Aleister Crowley atawasindikiza mu 1909, ndipo lero ali mbwee pa intaneti kwaulere, munthu angotsitsa nkukafotokopa.

Za mitundu nde ndi pomwe pali bodza lalikulu. Sefer Yetzirah siipatsa chilembo chilichonse mtundu, mungawerenge kuyambira koyamba mpaka kumapeto simupeza zoti Bet ndi yachikasu. Mitundu ya papepala ija nayonso ndi ya Golden Dawn, ndipo iwo anali ndi mindandanda inayi ya mitundu, chilembo chimodzi mitundu inayi, papepalapo anangokoperapo umodzi. Ukauyang'anitsitsa umaona kuti ndi utawaleza womwe ana amaphunzira ku pulayimale, mitundu 7 ija ya Isaac Newton, angoigawira mapulaneti 7, Mars wofiira, dzuwa olenji, Mercury chikasu, Venus wobiriwira, mwezi buluu, Saturn buluu wakuda, Jupiter pepo. Zilembo 12 zija nazo zimangoyenda motsatana kuyambira kofiira, olenji, chikasu, mpaka kuzungulira kubwereranso kofiira, monga mmene wopenta amasanjira utoto wake. Nzokongola kuziona, sindikana. Koma taonani, mwezi womwe Chiheberi chenichenicho chimautcha woyera, tchatichi chaupatsa buluu. Zikanakhala kuti zinachokera kwa Abrahamu, chilankhulo cha zidzukulu zake chikanatsutsana nazo bwanji pa chinthu chapafupi chonchi?

Sikuti Kabbalah ya Ayuda ilibe mitundu. Ilinayo, koma mitunduyo kwenikweni ndi ya sefirot, zomwe pofika nthawi ya Zohar ankazimva ngati makhalidwe 10 omwe Mulungu amadzionetsera. Zohar ndi buku lalikulu la Kabbalah lomwe linatulukira ku Spain kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 kudzera mwa Moses de León. Mmenemo Chesed, chifundo, ndi choyera. Gevurah, chiweruzo chokhwima, ndi chofiira. Tiferet yomwe imayanjanitsa ziwirizi amaipatsa mtundu wotchedwa yarok, ndipo mawu amenewa m'Chiheberi chakale amatha kukhala obiriwira kapena achikasu, monga mmene ife kubiriwira timanenera msipu komanso nthawi zina mtambo. Malkhut, yomwe ili pansi penipeni kufupi ndi ife anthu, ndi ya buluu uja wotchedwa tekhelet, yemwe ali pa Numeri 15:38 pomwe Aisraeli anauzidwa kuika chingwe cha mtundu umenewu pa mphonje za zovala zawo.

Tili mkati mokambirana magetsi anathima, nde ndinatenga imodzi mwa makandulo ake achikasu aja ndikuyatsa, ndikumuuza kuti sendera pafupi uyang'ane lawi lokhalo, phulalo lisiye. Anayang'ana. Ndinati pansi penipeni pomwe moto wagwira chingwe ukuona mtundu wanji? Ati wabuluu malume, pena ngati wakuda. Nanga pamwamba? Ati woyera. Ndinamuuza kuti zimene waonazo zinalembedwa mu Zohar zaka zoposa 700 zapitazo. Akuti lawi lili ndi kuwala kuwiri, kwapansi kwabuluu kapena kwakuda komwe kumakangamira chingwe ndikumadya zomwe zili pansi pake, ndi koyera komwe kwakhala pamwamba pake ngati pa mpando kumaloza kumwamba osasinthasintha, ndipo awiriwa ndi moto umodzi, sungawalekanitse. Ndi fanizo la mmene Mulungu amene ali pafupi nafe, wokhudzana ndi dziko lakuthali, alili mmodzi ndi Mulungu wam'mwambamwamba. Mwana uja anakhala chete nthawi yayitali akuyang'ana lawilo, nkhope yake ikuwala mbali imodzi, kenako anati nde kandulo ina iliyonse imachita chonchi eti, olo yoyera ya pa okala? Ndinati ina iliyonse.

Ngakhale mphunzitsi amene analemba kwambiri za mitunduyi, Moses Cordovero wa ku Safed ku Galileya, yemwe anamaliza buku lake Pardes Rimonim mu 1548 ndipo muli chigawo chathunthu cha mitundu, anachenjeza kuti kumwambako kulibe choyera kapena chofiira chenicheni, mtundu ndi wa zinthu zogwirika, tikamati chifundo nchoyera ndi fanizo lothandiza munthu kumvetsa ntchito yake. Ndinene chilungamo, iye ankakhulupirira kuti mitundu ili ndi gawo popemphera, mpaka ananenapo za kuvala zoyera pofuna chifundo. Koma ameneyo ndi munthu yemwe moyo wake wonse unali m'Malamulo a Mose ndi mapemphero, amalankhula kwa anzake ophunzira ngati iye, ndipo mwambo wa Ayuda ambiri unali woti munthu asalowe m'zimenezi asanakhwime, ena ankati asanafike zaka 40. Zoti tenga chilembo choyamba cha dzina lako ugule nsalu ya mtundu wakuti kuti malonda ayende, mulibemo.

Ndiye pali tinthu tina tomwe munthu ungadzifunse wekha olo usanawerenge buku lililonse. Mapulaneti 7 aja anali 7 chifukwa maso amathera pamenepo. Mu 1781 William Herschel anatulukira Uranus, mu 1846 kunapezeka Neptune, mu 1930 Pluto, nde otsatira matchati a ku London aja ena anangotenga atatuwa nkuwapachika pa Alef, Mem ndi Shin, kenako mu 2006 akatswiri a zakuthambo anachotsa Pluto pa mndandanda wa mapulaneti akuluakulu. Zoti Lachitatu ndi tsiku la Mercury zinachokera kwa Aroma omwe masiku awo ankawatcha mayina a milungu yawo. Ayuda masiku amangowawerenga, tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu mpaka Sabata, ngati mmene ife timachitira ndi Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Nanga mayina athuwa? Chiheberi chilibe chilembo cha ch wathu wa Chikondi kapena Chisomo, moti a ku Israel lero amachita kuika kachizindikiro pambali pa chilembo china kuti alembe mawu achilendo otere. Ng' wa ng'ombe ndiye kulibiretu. Nde a Chikondi onse a m'Malawi muno pulaneti lawo ndi liti? Achinyamata athu omwe anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kuyambira kumapeto kwa 2023 akuziona zilembozi tsiku ndi tsiku pa mabasi, pa mapaketi a mkaka, pa zikwangwani za mseu, afunseni ngati anaonapo mlimi wa kumeneko akuyatsa kandulo yachikasu Lachitatu kuti mbewu zigulidwe.

Mawu aja oti Ayuda amabisa chinsinsi nchifukwa chake ali olemera ndi omwe anandinyansa kuposa zonse. Sefer Yetzirah inasindikizidwa m'Chiheberi ku Mantua mu 1562, Zohar inali itasindikizidwa kale cha m'ma 1558, chobisika nchiti pamenepa? Ndipo anthu omwe anakulitsa Kabbalah ku Safed ambiri anali ana ndi zidzukulu za othawa kwawo, omwe anathamangitsidwa ku Spain mu 1492 nkusiya nyumba ndi minda. Mafunso awo anali a anthu osweka mtima, chifukwa chani dziko lili lophwanyika chonchi, Mulungu ali kuti pamene anthu ake ali ku ukapolo, munthu angachite chani kuti akonzeko. Nkhani yoti Ayuda ali ndi chuma chobisika ndi mphamvu zamseri ndi bodza lakale lomwe laphetsa anthu ambirimbiri ku Ulaya, sindikufuna kulimva likulowa m'Chichewa kudzera pakamwa pa ogulitsa makandulo.

Komanso mbali inayi tisapitirire muyeso. Ambiri kuno mawu oti Kabbalah tinayamba kuwamva mu 2006 pomwe Madonna anayambitsa bungwe la Raising Malawi pamodzi ndi Michael Berg wa ku Kabbalah Centre, tikuona kaulusi kofiira pa dzanja lamanzere, ndipo ndikukumbuka m'maminibasi anthu akungoti ndi za satana basi nkhani yatha. Nditauza mnzanga wina wa kumpingo nkhani ya mwana wa mlongo wangayi nayenso anathamangira komweko, ati muotche pepalalo mumupempherere. Kupemphera tinapemphera, koma ine sindivomereza zotcha usatana chinthu chilichonse chomwe sitinachiwerenge. Zilembo zimenezi ndi zomwe Yesaya ndi Yeremiya analankhulira mawu awo. Tsegulani Salimo 119, ili ndi mavesi 176, zigawo 22 za mavesi 8, ndipo m'Mabaibulo ambiri pamwamba pa chigawo chilichonse pali dzina la chilembo, chifukwa m'Chiheberi mavesi onse 8 a chigawocho amayamba ndi chilembo chimenecho. Ndakatulo ya mkazi wangwiro ya pa Miyambo 31, yomwe timaiwerenga pa maukwati ndi pa misonkhano ya amayi, mavesi ake 22 kuyambira 10 mpaka 31 amayenda kuchokera pa Alef kukafika pa Tav. Kukonda zilembo ndikuona ulemerero wa Mulungu mwa izo ndi chinthu cha m'Baibulo momwemo. A Kabbalah anangopita nacho patali kuposa pomwe ine monga Mkhristu ndingafike, ndipo pomwe ndasiyana nawo ndimasiyana nawo mwaulemu.

Pa nkhani yoti nyenyezi zimalamulira moyo wa munthu, Ayuda okhaokha ankatsutsana. M'mawu omwe Ayuda amanena pa ukwati pofunirana zabwino oti mazal tov, mazal kwenikweni ndi nyenyezi ya munthu. Koma mu Talmud, mabuku akale a ziphunzitso za marabi, muli aphunzitsi omwe ananena poyera kuti Israeli sali pansi pa mazal, kutanthauza kuti pemphero ndi ntchito zachifundo zimaposa chilichonse chomwe nyenyezi zinganene. Yeremiya 10:2 akuti musaope zizindikiro za kuthambo, ndipo Yesaya 47:13 akunena za openda nyenyezi a ku Babulo kuti sadzatha kupulumutsa mzindawo. Mbiri yawo ilinso ndi bala lomwe saliiwala, la Shabbetai Tzvi, munthu wa dzina la Saturn lomwe lija, yemwe mu 1665 analengezedwa kuti ndi Mesiya mothandizidwa ndi mawerengedwe a Kabbalah, anthu m'mayiko ambiri mpaka kugulitsa katundu wawo kukonzekera ulendo wa ku Yerusalemu, chaka chotsatira mfumu ya Turkey itamupanikiza iye nkulowa Chisilamu. Zitachitika zimenezo marabi ambiri anakhwimitsa kwambiri za amene angaphunzire zinthuzi.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti nyuzipepala yanu izifufuzako anthu amenewa, chifukwa mwana wa mlongo wanga sali yekha, pa gulupu ija anandionetsa panali anthu ambiri ndipo ochuluka ndi amayi a mabizinesi ang'onoang'ono, ena akutumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg. Kale zinali zithumwa ndi mphinjiri, pano kwabwera zilembo zachilendo poti munthu akaona zolemba zomwe sangathe kuwerenga amaganiza kuti mphamvu zake nzoposa. Kwa abusa anzathu omwe munaphunzira Chiheberi, musachisiye m'makabati, tengani Loweruka limodzi muwaonetse akhristu anu zilembo 22 zimenezi pa bolodi, mmene zimamvekera ndi mmene zimalembedwera kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti wina akadzabwera nazo pa fotokope asadzaone ngati waona mzimu. Ndipo amene mwakopeka ndi Kabbalah yeniyeniyo, werengani, koma muzifunsa kuti ichi analemba ndani, chaka chanji, ali kuti, chifukwa cha ku Safed ndi cha ku London si chimodzi.

Mwana uja anapita kukafunsa ndalama yake, bamboyo anamuuza kuti zalephereka chifukwa anaonetsa pepalalo kwa munthu wosakhulupirira, kenako anamuchotsa pa gulupu. Tinasonkherana pachibale kuti aoderenso belo ina yaing'ono ya zovala za ana. Kansalu kachikasu kaja anasokera mwana wake kasiketi. Pepalalo anandisiyira ine koma anandipempha kuti ndizimuphunzitsa zilembozo akabwera Lamulungu masana, akuti akufuna adzathe kuwerenga yekha vesi loyamba la Genesis, lomwe limayamba ndi Bet yake yomwe ija. Pano tafika pa Zayin, ndipo Dalet ndi Resh zomwe ndinamuonetseratu zikumusokonezabe poti zimafanana kwambiri.

Ine wanu wowerenga nyuzipepala yanu nthawi zonse,
Mkulu wa mpingo, Zomba